Maphunziro a umisiri a TEVETA: abwino, koma malo oyeserera ntchito ndi ochepa

Bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a umisiri m'Malawi, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, limasankha achinyamata kupita ku makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Salima kukaphunzira zomangamanga, ukalipentala, zamagetsi, zamipope ndi kuwotcherera zitsulo. Chokoma n'chakuti wophunzira sangokhala m'kalasi. Miyezi ina amakhala kusukulu, ina kukampani. Womanga wodutsa kumeneko amadziwa kusakaniza ndowa imodzi ya simenti ndi ndowa 5 kapena 6 za mchenga wosefa, ndiponso kuti konkire yosathiriridwa madzi masiku 7 oyamba imang'aluka chifukwa imauma isanalimbe. Ambiri ophunzira pongoonera sauzidwa chifukwa chake.

Amisiri akale opanda mapepala nawonso angayesedwe luso lawo n'kupatsidwa satifiketi. Imeneyi ndi njira yofunika kwambiri, mwatsoka ambiri saidziwa.

Chodandaulitsa ndi malo oyeserera ntchito. Olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la TEVET lothandizira maphunzirowa, komabe ambiri safuna kulandira ophunzira. Wophunzira zamagetsi akasowa malo, amamaliza asanalumikizepo waya m'nyumba yeniyeni, ndipo bwana amene angamulembe amayamba kumuphunzitsa mwatsopano.