Contingency Kapena Retained kwa Akauntanti Woyamba Bizinesi Yopezera Makampani Antchito

Anzanga amene tinkalemba nawo mayeso a uakauntanti a ACCA amandifunsa kawirikawiri za kusiya ntchito yowerengera ndalama n'kuyamba bizinesi yopezera makampani antchito a zachuma, ndipo pomaliza onse amafuna kudziwa njira yolipiritsira makasitomala, ya contingency kapena ya retained.

Bizinesiyi si yachilendo, chifukwa kampani ya Robert Half inayamba mu 1948 ku New York ndipo ya Michael Page inayamba mu 1976 ku London, zonse ziwiri zikupezera makampani maakauntanti. Munthu wochokera ku ntchito ya akaunti ali ndi mwayi pa njira zonse ziwiri, popeza amazindikira msanga amene anatsekapo mabuku a kumapeto kwa mwezi ndi amene wangolemba zimenezo pa CV.

Pa contingency mumalipidwa pokhapokha munthu amene mwabweretsa akalembedwa ntchito, kawirikawiri peresenti ya pakati pa 15 ndi 25 ya malipiro ake a chaka choyamba. Makasitomala amavomera mosavuta chifukwa sapereka kanthu poyamba, koma pa chifukwa chomwecho amapereka ntchito imodzi kwa ofufuza antchito angapo, ndipo amapambana ndi amene watumiza CV mwachangu, osati amene wafufuza bwino.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ndime ya mumgwirizano yonena za kubweza ndalama. Ndimeyi imati wantchito akasiya ntchito m'miyezi yoyambirira, nthawi zambiri itatu, mubweza gawo la ndalama zimene munalandira, ndipo akasiya msanga gawolo limakula. Kampani ina inandipempha kuti ndiipezere woyang'anira zachuma. Ndinaipezera munthu waluso, koma atayamba anapeza kuti mabuku ali m'mbuyo kwambiri, maodita akudikira, ndipo womuthandiza amene anamulonjeza sanalembedwe n'komwe. Anachoka nthawi ija isanathe, ndipo kampaniyo inaitanitsa ndalama zake ngati kuti vuto linali langa.

Ndime yotereyi nthawi zambiri sifunsa chifukwa chimene munthu wachokera. Kwa kampani yaikulu yofufuza antchito ndi nkhani yaing'ono, koma kwa munthu amene wangosiya kumene malipiro a mwezi ndi mwezi, ndalamazo zimakhala kuti zapita kale ku lendi ya ofesi ndi ku LinkedIn, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo antchito. Monga akauntanti mumadziwa bwino kuti ndalama imene ingathe kubwezedwa simungaiwerengere ngati phindu lotsimikizika, choncho mumakhala miyezi itatu mukuopa kuigwiritsa ntchito.

Retained ndi yosiyana. Malipiro anu amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a chaka a wantchitoyo, ndipo amaperekedwa katatu: poyamba ntchito, popereka mayina a osankhidwa, ndi munthu akalembedwa. Ntchitoyo imakhala yanu nokha, kasitomala amene walipira kale amayankha mafoni, ndipo munthu akachoka msanga nthawi zambiri mumangofufuza wina m'malo mobweza ndalama. Vuto lake n'lakuti imayenera maudindo akuluakulu, ndipo woyamba kumene amavutika kuti akhulupiridwe.

Za antchito ogwira kwa nthawi yochepa sindikulimbikitsani poyamba, chifukwa muziwalipira inuyo kasitomala akudikira masiku 30 kapena 60 kuti akulipireni.

Ine ndili kumbali ya retained. Kasitomala akakana, ndimavomera contingency pokhapokha ntchitoyo ikhale yanga ndekha kwa milungu ingapo, ndipo mumgwirizano mulembedwe kuti sindibweza kanthu ngati munthu wachoka chifukwa kampani yasintha ntchito imene inamulonjeza.