Perefyumu wa 100 ml patatha miyezi 9: chimene chatsala m'botolo ndi chimene chauluka

Perefyumu amene tikuunika pano ndi wa mtundu umene wadzaza m'mashopu masiku ano: eau de parfum (perefyumu wokhala ndi mafuta onunkhira ochulukirapo) wa 100 ml wochokera ku United Arab Emirates, wotsekemera, wa bergamot (chipatso cha mtundu wa malalanje) ndi sinamoni poyambira, vanila ndi utomoni pothera. Dzina lake tilisiye, chifukwa anzake ofanana naye ndi ambiri ndipo amakalamba mofanana. Botolo linatsegulidwa mu February. Tsiku lomwelo 10 ml anathiridwa m'kabotolo kagalasi kopopera, 10 ml wina m'kapulasitiki, ndipo 80 ml anatsala m'botolo lake. Zonse zitatu zadutsa m'chisanu cha June ndi July, zalowa m'ng'anjo ya October, ndipo tsopano ndi November.

Kupopera kamodzi kumatulutsa pafupifupi 0.1 ml. Kawiri patsiku kwa miyezi 9 ndi 54 ml, choncho m'botolo mwatsala 26 ml kapena kuyandikira pamenepo. Kota ya botolo ndi perefyumu, kwina konseko ndi mpweya. Ambiri amaganiza kuti botolo lopopera ndi lotsekeka kotheratu, koma pampu ikakankha madzi kunja imalowetsanso mpweya kuti ulowe m'malo mwake. Ikanapanda kutero bwenzi itasiya kukoka. Ndiye kupopera kulikonse kumawonjezera okosijeni m'botolo, ndipo okosijeniyo sakhala chete.

Choyamba kuoneka ndi mtundu. Mu February madziwa anali ngati tiyi wopanda masamba okwanira, lero ndi tiyi wothithikana. Kuthimbirira kumeneku kumachititsa anthu mantha kuposa momwe kuyenera. Vanillin, mankhwala amene amapereka fungo la vanila, amada akakhalitsa, makamaka akaona kuwala ndi mpweya, ndipo fungo lake silitha chifukwa cha kuda kumeneko. Vuto lenileni la mtundu wotere lili pa malaya oyera: chimene chinkauma osasiya kanthu tsopano chimasiya banga lachikasu pa kolala. Poperani pakhungu musanavale, kapena talikitsani botolo masentimita 20 kuchokera pansalu.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chowawa, ndi fungo loyambirira. Perefyumu si chinthu chimodzi. Ndi mankhwala makumimakumi osungunulidwa mu sipiriti, ndipo aliyense amauluka pa liwiro lake. Opepuka kwambiri, a mandimu, malalanje ndi bergamot, amatuluka msanga n'kutha m'mphindi 15 mpaka 30. Apakati, a maluwa ndi zokometsera, amakhala maola angapo. Olemera, a vanila, utomoni ndi mitengo, ndi amene mumawamvabe pa jekete mawa lake. Opepukawa ndi omwenso sachedwa kuwonongeka m'botolo. Limonene wa m'makoko a mandimu ndi linalool wa mu bergamot amagwirizana ndi okosijeni mosavuta n'kusanduka mankhwala ena. Pa botolo lathuli, kutsitsimula kuja kwa mphindi zoyambirira kwachepa kwambiri, ndipo masekondi oyamba muli kafungo kolasa ngati ka polishi wa zikhadabo. Pakatha mphindi ziwiri kamachoka, sinamoni n'kubwera bwinobwino. Kumbukirani kuti m'shopu munthu amagula chifukwa cha mphindi zisanu zoyambazo. Gawo limene limatulutsa ndalama m'thumba ndi lomwe limayamba kufa.

Gawo lothera ndiye lakoma. Vanila ndi utomoni zikumveka zofewa, zopanda kulasa kwa sipiriti kumene kunali m'masabata oyamba. Ogulitsa ambiri amati perefyumu wa ku Dubai mumupopere kangapo, mumusiye mu mdima mwezi umodzi kuti "akhwime". Muli choonadi pang'ono, poti mafakitale enieni amasiya msanganizo kwa masabata asanathire m'mabotolo, ndipo amene wathiridwa mothamanga amapitirizabe kukhazikika ali kwanu. Koma kukhwima kwina kumene anthu amakutamanda ndi kusuluka chabe kwa gawo lapamwamba: zopepuka zikachepa, zolemera zimamveka kwambiri, munthu n'kumati perefyumu wawonjezera mphamvu. Kwa wokonda zotsekemera ndi phindu. Kwa amene anagulira bergamot, ndi kuluza.

Kabotolo kagalasi kanayenda m'chikwama, kugwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo. Fungo lake likufanana ndi la m'botolo lalikulu, mwinanso gawo loyambirira lasungika bwinoko pang'ono m'miyezi yoyamba pamene kanali kodzaza. Cholakwika chake ndi pakhosi. Timabotolo totere timatsekedwa mopotokola, osati mofinyidwa ndi makina ngati botolo la ku fakitale, ndipo sipiriti amapeza njira pa mazingawo. Chizindikiro cha tepi chimene chinamatidwa pa mlingo wa madzi chinaonetsa kuti ankatsika ngakhale m'masabata amene palibe anapopera. Sipiriti akauluka, chotsala chimakhala cholemera, chonona, ndipo chimatuluka ngati mkodzo wa mwana m'malo mwa nkhungu.

Kapulasitiki ndiko kalephera. Pofika mwezi wachinayi khoma lake linali litayamba kuchita mbuu, kampira ka m'pampu katafufuma, pampu ikukakamira ikatsika. Fungo linatenga kakomedwe ka chidebe chatsopano. Chifukwa chake n'chodziwika: limonene ndi mafuta ena onunkhira amasungunula mapulasitiki ena, makamaka polystyrene, ndipo amafufumitsa labala. Pulasitiki wa PET kapena PP amapirirako, koma timabotolo totsika mtengo nthawi zambiri sitilembedwa kuti ndi ta mtundu uti. Ka pulasitiki n'koyenera ulendo wa sabata imodzi, basi.

Kugawa perefyumu si kulakwa, bola kuchitike kamodzi ndiponso mwaukhondo. Sankhani kabotolo kagalasi ka 5 ml kapena 10 ml. Katsukeni ndi ethanol woyera wa 95 kapena 96 peresenti, mupopere kangapo kuti pampu nayo itsukike, ndiye kaume usiku wonse chozondoka. Madzi ayi: dontho limodzi lotsalira likhoza kuchititsa perefyumu mbuu, chifukwa mafuta onunkhira sasungunuka m'madzi. Sipiriti wofiirira wa m'magolosale ayinso, ali ndi utoto ndi fungo lake limene silichoka. Zulani kamutu kopopera pa botolo lalikulu, kachubu kakafupi kaonekere. Lowetsani kukamwa kwa sirinji yopanda singano pa kachubuko, mukanikize pansi mobwerezabwereza, madzi azikwera okha mu sirinji. Njira imeneyi imaposa kupopera mu fanelo, kumene kumamwaza madzi mu mpweya ngati nkhungu, zopepuka zija n'kuthawa musanayambe n'komwe. Dzazani mpaka m'mapewa a kabotolo, osati mpaka pakamwa, poti sipiriti amafufuma kukatentha ndipo adzatulukira pa pampu. Zengani tepi yoyera ya mapulambala kawiri kapena katatu pa mazinga musanatseke. Lembani tsiku.

Za kuchuluka: 5 ml ndi kupopera pafupifupi 50, kutanthauza masiku 25 kwa wopopera kawiri. Musagawe woposa amene mungathe m'miyezi iwiri kapena itatu. Ndipo musayerekeze kukanula khosi lachitsulo la botolo lalikulu ndi pulayazi kuti muthire msanga. Silibwereranso, ndipo galasi la pakhosi limatheteka mosavuta, tizidutswa n'kugwera m'kati.

Kasungidwe ndi kamene kamasiyanitsa botolo la chaka chimodzi ndi la zaka zisanu. Ku Versailles, ku France, kuli malo otchedwa Osmothèque, amene anakhazikitsidwa mu 1990 ndi Jean Kerléo ndi anzake kuti asunge maperefyumu akale, ngakhale amene anasiya kupangidwa. Amawasunga mu mdima, pa madigiri 12, ndipo pamwamba pa madzi amaikapo mpweya wa argon kuti okosijeni asafike. Adani atatu ndi omwewo: kuwala, kutentha, mpweya. Kunyumba argon palibe, koma ziwiri zinazo zili m'manja mwanu. Akatswiri a mankhwala ali ndi lamulo lachidule lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kuwonongeka kotere kumathamanga pafupifupi kawiri. Chipinda cha malata chopanda siling'i mu October, kapena nyumba ya ku Nsanje ndi Chikwawa kumene kutentha kumafika madigiri 40, chimakalambitsa botolo mofulumira kuposa cha ku Dedza. Malo abwino ndi m'katoni yake, pashelefu yapansi ya kabati, kukhoma la m'kati mwa nyumba losawombedwa dzuwa. Patebulo la galasi pafupi ndi windo pamakongola, koma ndi pophera perefyumu. Ku bafa kumatentha ndi kuzizira tsiku lililonse. M'galimoto yoimikidwa padzuwa ndiye musatchule.

Filiji imathandiza ngati kuzizira kwake n'kokhazikika. Kumene magetsi amazimazima, botolo limangosinthasintha kutentha, ndipo majarini wa pashelefu yomweyo amayamba kununkhira vanila. Kabati ndi yabwino.

Mafuta onunkhira a m'timabotolo ta kampira kogudubuza, amene amathiridwa pamaso panu kuchokera m'mabotolo akuluakulu, ali ndi nkhani yawo yaifupi. Alibe sipiriti, amasungunulidwa mu madzi onona otchedwa DPG kapena mafuta ena opanda fungo, choncho sauluka msanga. Koma kampirako kamatenga thukuta, fumbi ndi mafuta odzola pakhungu n'kubwezera m'kati, ndipo patatha miyezi itatu pansi pamaoneka zinyenyeswa. Pukutani kampira ndi kansalu koyera mukatha, ndipo musagudubuze pamene mwangodzola kumene.

Pali chinthu chimodzi chosaseweretsa. Limonene ndi linalool akagwirizana ndi okosijeni amapanga mankhwala amene amayabwitsa khungu kuposa momwe ankachitira ali atsopano. Perefyumu amene simunavutike naye mu February akhoza kukutulutsani tizidzolo pakhosi mu November. Botolo likakalamba, yesani kaye dontho m'kati mwa chigongono, mudikire masiku awiri. Pakafiira kapena kuyabwa, muzipopera pa nsalu zakuda zokha, kapena mumusiye.

Tsono dandaulo limene limamveka kwambiri pa mwezi wachisanu ndi lakuti perefyumu watha mphamvu, mwina anali wafeki. Nthawi zambiri botolo lilibe mlandu. Mphuno imazolowera fungo limene ili nalo tsiku ndi tsiku n'kusiya kuliuza ubongo, monga momwe mwini nyumba samvera fungo la m'nyumba mwake pamene mlendo amalimva ali pakhomo. Wopoperayo amawonjezera, kuchoka pa kawiri kufika pa kasanu ndi kamodzi, ndipo amene amavutika ndi anzake a mu minibasi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Poperani pa kapepala, mukasiye m'chipinda china chotseka, mukalowemo patatha maola atatu. Kapena musiyeni masabata awiri athunthu. Pa botolo lathuli, kapepala kanali kakununkhirabe mawa lake.

Apa m'pamene tanthauzo la fungo limagawanika pawiri. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tizigawo tomvera fungo m'mphuno, nkhani imene inapezetsa Linda Buck ndi Richard Axel mphoto ya Nobel mu 2004, ndipo uthenga wochokera kumeneko umafika mwachidule ku mbali za ubongo zosunga mantha, chikondi ndi zikumbukiro. Perefyumu wa tsiku ndi tsiku amasowa kwa mwini wake koma amakhazikika mwa ena: ana amadziwa kuti mayi adutsa pakhonde, ndipo chitenje cha malemu chimaliritsa anthu patapita miyezi. Amene amadzoledwa pa ukwati kapena pa chinkhoswe pokha amasunga tsikulo kwa mwini wake, chifukwa mphuno sinamuzolowere. Botolo limodzi silingagwire ntchito ziwirizi. Wofuna fungo la chikumbutso asalivale ku ntchito.

Asadalirenso kuti adzagula lina lofanana pakatha zaka. Maperefyumu amasinthidwa mwakachetechete, dzina ndi botolo zili zomwezo. Ku European Union, mankhwala a fungo la maluwa otchedwa Lyral anachotsedwa pamsika mu 2021, Lilial analetsedwa kuyambira March 2022, ndipo bungwe la opanga zonunkhira padziko lonse la IFRA limasinthasintha milingo yololedwa ya zinthu zina. Kakhodi kosindikizidwa pansi pa botolo ndi pa katoni ndi kamene kamasonyeza gulu limene linapangidwira limodzi, ndipo manambala awiriwo ayenera kufanana. Chimene chimasungika zaka zambiri ndi botolo losapoperapo, lili m'katoni, pamalo ozizira. Kabotolo kogawidwa sikasungira munthu chikumbutso kwa nthawi yaitali.

Kodi n'kugulanso? Kwa wovala perefyumu mmodzi tsiku lililonse, 100 ml wa mtundu wotsekemerawu ndi woyenera, poti wopopera kawiri patsiku amamumaliza pa chaka ndi miyezi pafupifupi inayi, ndipo gawo lake lamphamvu ndi lomwe limapirira. Kwa amene ali ndi mabotolo atatu kapena anayi, 50 ml kapena 30 ml ndi wanzeru ngakhale mtengo wa mililita imodzi ukukwera. Perefyumu wa mandimu wopepuka, wa mtundu wa cologne, musagule wamkulu ngati kwanu n'kotentha.

Za 26 ml wotsalayu: wakokedwa ndi sirinji n'kuthiridwa m'timabotolo tiwiri tagalasi ta 10 ml, todzaza mpaka m'mapewa, tozengedwa tepi, tosungidwa m'katoni. Kotsala m'botolo lalikulu kathe kaye mwezi uno. Kachubu ka m'kati n'kopindika, ndiye madzi akafika pansi pendeketsani botolo kumbali imene nsonga yake yaloza, ipitiriza kukoka mpaka madontho omaliza.