Moto, madzi, mowa kapena makina: chimayeretsadi koyilo ya vepu nchiti?

Aliyense amene amakulunga yekha koyilo, kawaya kotenthetsa ka mu vepu, pa RDA kapena RTA (mitu ya vepu imene mumaikamo waya ndi thonje nokha) amazidziwa zizindikiro za koyilo yakuda. Juwisi, madzi a vepu aja, amene dzana amakoma wayamba kumveka zopserera, nthunzi yachepa, thonje lada bii m'mbali mwa koyilo. Mukatsegula mupeza waya wakutidwa ndi zakuda zolimba, timipata take tonse tatsekeka.

Zakudazo si dzimbiri ayi. PG ndi VG, madzi awiri amene amapanga gawo lalikulu la juwisi, zikatentha zimauluka, koma zotsekemera, makamaka sucralose amene amathiridwa m'majuwisi ambiri a zipatso ndi a kasitadi, zimatsala pa waya n'kumapsa mobwerezabwereza, monga nkhoko za nsima mu poto amene mwaphikiranso musanatsuke. Juwisi wakuda wa fodya kapena wa khofi amadetsa koyilo msanga kuposa wa menthol wopanda zotsekemera zambiri. Ndipo kuno ku Johannesburg juwisi si woseweretsa. Kuyambira pa 1 June 2023 boma la South Africa linaika msonkho wa R2.90 pa mililita iliyonse, kaya muli nikotini kaya mulibe, ndipo msonkhowo wakhala ukukwera. Pa botolo la 60ml, R174 inali ya msonkho wokha. Kuthira juwisi wotero pa koyilo yakuda ndi kutaya ndalama.

Tikakumana a kumudzi, kaya ku Mayfair kaya ku Rosettenville, nkhani yotsuka koyilo siichedwa kusanduka mtsutso. Aliyense ali ndi njira yake, koma njirazi sizigwira ntchito imodzi.

Yotchuka kwambiri ndi ya moto, imene m'mashopu a vepu amaitcha dry burn. Mumachotsa thonje lonse, kutsitsa mawati (mphamvu ya magetsi) kufika pakati pa 15 ndi 25, kenaka kudina batani kamphindi, kusiya, kudinanso. Poyamba pamatuluka kautsi konunkha, ndiye tsegulani zenera, makamaka inu amene mumakhala angapo m'chipinda chimodzi. Kenaka zakuda zija zimayera ngati phulusa n'kuyamba kuyoyoka. Pa njira zonse, ndi iyi yokha imene imathana ndi zopserera zolimba. Ubwino wina ndi woti mumaona ndi maso mmene koyilo ikuyakira. Yabwino imayamba kufiira pakati n'kumapita m'mbali. Ikafiira mwendo umodzi wokha, kapena kadontho kena kakawala kuposa ponse, dziwani kuti pamenepo padzapsereza thonje lanu latsopano.

Koma moto womwewo ndiwo uli ndi mafunso. M'chaka cha 2015 Dr Konstantinos Farsalinos, dokotala wa mtima wa ku Greece amene wafufuza zambiri za ndudu zamagetsi, anachenjeza kuti kutentha waya mpaka kufiira psuu kumawononga chitsulocho, ndipo tizidutswa take tingathe kulowa mu nthunzi. Anthu ambiri a vepu anatsutsana naye. Mu 2018 akatswiri a pa Johns Hopkins University anayeza zida za anthu 56 napeza chromium, nickel, manganese ndi mtovu mu nthunzi yake. Iwo sankafufuza za dry burn, komabe anaonetsa kuti zitsulo zimafika m'chimene timakoka. Kwa ine zimenezi nzokwanira kuti ndisamawalitse koyilo mpaka kuchita chikasu. Zimitsani getsi kapena tembenukirani kumdima, ndipo ikangoyamba kufiira pang'ono, chotsani chala.

Mtundu wa waya nawo ulamule. Kanthal, amene ndi chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi aluminium, amapirira moto kuposa onse. Ni80, waya wa nickel ndi chromium, amayaka msanga, choncho amafuna mawati ochepa. SS316L, waya wa stainless steel, mutentheni mofatsa kwambiri. Ni200 (waya wa nickel yekha) ndi titanium musawatenthe opanda thonje ngakhale kamodzi, chifukwa anapangidwira kukoka pa temperature control, pamene chida chimaletsa waya kutentha mopyola malire, osati kufiira. Mesh, koyilo yooneka ngati kasefa, nayo ndi yopyapyala, imabooka mukaikakamiza.

Pali ena amene koyilo ikadali yofiira amaizondotsa n'kuinyika m'madzi ozizira. Imalira kuti tswii, zopserera n'kusweka nthawi yomweyo. Zimathekadi, koma sindizikonda pa makoyilo a alien ndi fused clapton, amene ndi mawaya okulungidwa ndi kawaya kena kunja, chifukwa kawaya kakunja nkakang'ono zedi ndipo kutentha ndi kuzizira kwadzidzidzi kumakafooketsa. Komanso dontho limodzi likatsikira mu 510, polumikizira RDA, mpaka m'kati mwa modi, chida chokhala ndi batire chija, mwaononga chinthu chodula pofuna kupulumutsa chotchipa. Dikirani izizire pang'ono, masulani RDA pa modi, mukatsuke ku mpope ili payokha.

Pa burashi, mswachi wakale woyera ndi wokwanira pa waya wozungulira wamba. Kaburashi kachitsulo kamalowa bwino m'timipata ta clapton, koma kamasiya timinga take, ndipo mukadina batani kali pa koyilo mwachititsa shoti. Pa modi ya mechanical yopanda chitetezo, shoti yotere imatha kuphulitsa batire.

Madzi ofunda okha ndi njira yofatsa, yoyenera waya wa mtundu uliwonse, Ni200 ndi titanium omwe. PG ndi VG zimasungunuka m'madzi, choncho zomatamata zonse zimachoka. Kapu imodzi ndi yokwanira, ngakhale tsiku limene mipope yauma m'dera lanu, ndipo ndi mpweya wouma wa kuno m'miyezi ya June ndi July zonse zimauma msanga pa kapepala. Chimene madzi sangathe ndi zopserera zimene zauma kale. Munganyike usiku wonse, m'mawa koyilo idzakhala yakudabe.

Mowa wa vodka anthu amautama kuposa ntchito yake. Pa zopserera umangofanana ndi madzi. Pamene umathandiza ndi pochotsa fungo lokanirira, monga la menthol kapena sinamoni, pa timphira ndi m'kati mwa thanki, mukafuna kusintha juwisi. Mukatero tsukuluzani ndi madzi. Apa ndichenjeze mwamphamvu, abale anga: spiriti wapepo uja wa m'masitolo, amene timayatsira tisitovu, asayandikire koyilo yanu. Anathiridwa mankhwala dala kuti asamwedwe. Chimodzimodzi thinner ndi petulo. Ndikunena izi chifukwa ambiri mwa ife timagwira ntchito m'magalaja ndi popenta nyumba, pamene zinthuzi zili pafupi ndipo zimayeretsadi zitsulo. Koma chitsulo ichi nthunzi yake imapita m'mapapo.

Kenaka pali makina a ultrasonic, aja amatsukira mphete ndi magalasi a maso. Amagwedeza madzi pafupifupi ka 40,000 pa sekondi, ndipo timathovu ting'onoting'ono timalowa pamene mswachi sungafike. Ndinaonapo mnzathu wina ataikamo RTA yooneka yoyera, madzi n'kusanduka abulauni m'mphindi zochepa, dothi likutuluka m'mabowo a mpweya ndi m'mazinga a masikuluwu. Pa thanki ndi deki, pomangirira koyilo paja, palibe chowaposa. Pa koyilo amachita bwino pokhapokha moto utayamba wafewetsa zopserera. Amafunanso magetsi, ndipo kugwedeza kuja kumamasula masikuluwu, choncho mangitsaninso mukatulutsa. Ngati muli ndi RDA imodzi ya waya wamba, musawagule. Ngati muli ndi mathanki angapo ndi makoyilo odula olukidwa pamanja, kapena mungasonkherane ndi anzanu a pa fulati, ndalamayo ibwerera.

Njira yomaliza ambiri saiwerengera n'komwe: kudula koyilo n'kukulunga ina. Mpukutu umodzi wa Kanthal umatulutsa makoyilo ambirimbiri, ndipo koyilo wamba imodzi mtengo wake sufika pa juwisi amene mungataye poyesa kukoka pa yakale. Kuvutikira kutsuka kumamveka pa alien ndi fused clapton zogula. Ngakhale zimenezo zili ndi polekezera. Ohm, nambala yoyeza koyilo, ikayamba kudumphadumpha pa modi, mukaona timadontho ta dzimbiri, waya akayamba kusenda, kapena kukoma kwa chitsulo kukakana kuchoka mutaika thonje latsopano, itayeni.

Ndiye ine ndimasankha chonchi. Pa Kanthal, Ni80 ndi SS316L: moto wofatsa, kudikira izizire, kumasula pa modi, madzi ofunda ndi mswachi, kenaka kubwereza kamodzi ngati pakadali zakuda. Vodka ndi wa fungo basi, ultrasonic ndi wa thanki. Pa Ni200 ndi titanium, madzi okha kapena koyilo yatsopano. Ndipo musadikire kuti ide bii. Mukamatsuka nthawi iliyonse mukusintha thonje, moto wochepa kwambiri umakwana.

Zikauma, mangitsani masikuluwu, onani ngati ohm yabwerera pafupi ndi pamene inali, dinani kamodzi kawiri kuti madzi otsala auluke (kupatula pa Ni200 ndi titanium). Thonje lakale musalibwezeremo ngakhale likuoneka loyera pakati. Dulani latsopano ndi manja osamba, lidutse mu koyilo mogwira koma mosakoka waya, linyowetseni ndi juwisi, ndipo kukoka koyamba kukhale pa mawati otsika.