Nsapato zomata ndinagulira agogo pa msika wa Ulongwe

Abale, ngati muli ndi agogo pakhomo asiyitseni mapatapata chonde, nyengo ya mvula kuno ku Angónia matope ake ndi oterera zedi ndipo patapata sagwira chidendene, phazi limangotsetsereka, munthu wachikulire akagwa fupa la m'chiuno silichedwa kuthyoka. Ine ndinawagulira nsapato za nsalu zomata zija zopanda zingwe, pansi pake mphira wa mizeremizere, zopepuka komanso zosatalika kuchidendene. Kutchalitchi akupita okha tsopano ndi ndodo yawo. Chondidandaulitsa n'choti zikanyowa zimachedwa kuuma, komanso chomatira chimagwira udzu ndi chisoso, muzichotsa. Muwayeze madzulo mapazi atatupako ndipo avale masokosi, zazikulu musagule ayi, zimapunthwitsa.