Buku la mapasa: nyenyezi zitatu, kuchokera kwa malume amene anakhudzidwa

Bukuli ndinaligula kwa mnyamata wina amene amayala mabuku akale pakhonde la sitolo m'tauni muno mu Chipata. Tinakambirana mpaka tinagwirizana K80. Pachikuto pali atsikana awiri ofanana nkhope atafulatirana, wina tsitsi loyera, wina lakuda, kumbuyo kwawo mwezi utang'ambika pakati. Nditangoliona ndinakumbuka ana a mlongo wanga, mapasa a zaka 14 amene ndimakhala nawo ku Kapata chifukwa kwawo ku Chadiza sukulu ili kutali. Tchuthi chinali chitayamba ndipo foni yanga inali itasanduka yawo. Ndinati mwina buku lingawachotse pa TikTok.

Linawachotsadi. Masamba 380 a Chizungu anawamaliza masiku anayi, akulandana, malaiti akapita n'kumawerengera tochi. Chizungu chake n'chofewa, mitu yake ndi yaifupi, ndipo mutu uliwonse umatha wina akutsegula chitseko kapena akusolola mpeni, moti mwana sangalitseke. Nyemba zinapserera kawiri sabata imeneyo. Pamenepo ndalama yanga inagwira ntchito, sindikana.

Ine ndinalibe maganizo oliwerenga. Chinandikoka ndi mawu amene ndinamva madzulo ena akutsuka mbale. Wamkulu, amene anatsogola ndi mphindi zochepa chabe, anauza mnzake kuti, "Iwe ndiwe wamdima uja, unabwera pambuyo." Anali nthabwala, koma winayo sanaseke kwenikweni. Usiku womwewo ndinalitenga.

Nkhani yake ndi iyi. Mu ufumu wina wongopeka, mfumukazi ibereka mapasa usiku wa kadamsana. Kalekale mlosi anali atanena kuti mmodzi adzapulumutsa dziko, wina adzaliwononga. Poopa zimenezi, mwana mmodzi atsala kunyumba yachifumu, wina mzamba athawa naye kumudzi wa asodzi. Aliyense ali ndi theka la mkanda m'khosi. Akwanitsa zaka 16, mphamvu zamatsenga ziyamba kuonekera. Pofika tsamba 30 ndinali nditadziwa kale kuti mikanda ija idzalumikizana, ndipo nkhalamba yandevu itatulukira kudzaphunzitsa wa kwa asodzi uja, ndinaiwerengera masiku. Inafadi, nkhondo yaikulu itatsala pang'ono.

Kudziwiratu kumene nkhani ikupita si mlandu. Ambuya akati "Padangotero," ife n'kuyankha "Tili tonse," tinkadziwa bwino kuti Kalulu apulumuka ndipo Fisi atsala akulira, koma palibe amene ankanyamuka pamoto. Ndipo nkhani ya mapasa olimbana ndi yakale kuposa tonsefe. Ku Roma amati Romulus anapha Remus pomanga mzinda. Pa Genesis 25, Esau ndi Yakobo analimbana akadali m'mimba, ndipo Rebeka anauzidwa kuti wamkulu adzatumikira wamng'ono. Koma onani mmene nkhani imeneyo inalukidwira. Yakobo, amene analandira madalitso, ndi yemwe anagula ukulu ndi mphodza, ndi yemwenso anavala zikopa za mbuzi kunamiza atate ake osaona. Esau wolandidwayo ndi amene patapita zaka anathamanga kukakumbatira mbale wake. Ukamaliza kuwerenga sudziwa woti umuloze chala.

M'bukuli chala amakulozera okha. Watsitsi loyera ndi wachifundo, mbalame zimatera paphewa pake. Watsitsi lakuda akakwiya makandulo amazima, agalu amathawa. Chakumapeto wolemba atembenuza zinthu, n'kutiuza kuti wamdima uja sanali woipa, ulosi anthu anaumva molakwika. Chabwino. Koma zimenezi zikubwera mwana atatha masamba 300 akuphunzitsidwa kumuopa, ndipo kutembenuza kotereku nakonso kwatha mano, aliyense wakonda nkhani zoterezi amakuyembekezera. Komanso ndinene pano: zoti choyera n'chabwino, chakuda n'choopsa, kuziika m'manja mwa atsikana awiri akuda bii a ku Chadiza, zinandikhala pakhosi.

Mdzukulu wanga wobwera pambuyoyo ndinamuthandiza ndi nkhani ya Ayoruba a ku Nigeria, kumene mapasa amabadwa ochuluka kwambiri. Kumeneko woyamba kutuluka amamutcha Taiwo, wachiwiri Kehinde, ndipo amati wamkulu ndi Kehinde, chifukwa ndiye anatuma mnzake kuti atsogole akaone ngati dziko lili bwino. Ndinalakwitsa. Kuyambira tsikulo akuti wamkulu ndi iye, ndipo mbale azitsuka ndi amene anatumidwa.

Pali malo ena pamene anawo anaseka okha popanda ine kuwauza. Mapasa a m'bukumo asinthana zovala, wa kumudzi alowa m'nyumba yachifumu atafunda mpango kumutu, ndipo palibe womuzindikira, ngakhale mayi amene analera mnzakeyo kuyambira ali khanda. "Amalume, ambuya amatidziwa ndi kayendedwe tikadali kuseri kwa nkhokwe," anatero mmodzi. N'zoona. Mapasa ofanana amachokera ku dzira limodzi, komabe ngakhale zidindo za zala zawo zimasiyana, nanji mawu, kaseke ndi kadyedwe. Wina wakula akupalasa bwato, wina sanagwirepo tsache, manja okha akanawaulula. Kenaka pali zija zoti wina akachekedwa, mnzake amene ali kutsidya la nyanja amatuluka magazi. Ndinawafunsa ngati zimawachitikira. "Ine dzino likandipweteka, uyu amaliza mkonono mpaka kucha."

Tsono tifike pamene panandikhudza ineyo. Woipa weniweni m'nkhaniyi ndi mng'ono wa mfumu, amene akufuna mpando ndipo ndiye anakhotetsa ulosi uja kuti ana a mkulu wake athane okha. Chizungu chili ndi liwu limodzi lokha lotchulira mbale wa atate ndi mlongo wa amayi, ndiye anawa powerenga anangoti "malume." Sabata yonse ndikapempha madzi ndimamva, "Samala, amalume akufuna ufumu." Ndinachita kuwakhazika pansi. Munthu ameneyo kwathu ndi atate aang'ono, si malume. Kwa Angoni a Mpezeni, kumene ufumu umatsata kuchimuna, mkangano wotere ungamveke. Kwa ife Achewa ufumu umadzera kuchikazi, n'chifukwa chake pa mpando wa Kalonga Gawa Undi dzina la Nyangu, mayi wa ufumu, ndi lolemera chotere. Malume ndi mwini mbumba. Ana a mlongo wake ndiwo olowa m'malo mwake, malume ndiye amene amaitanidwa ukwati ukavuta, ndipo masiku ano ndiye amene amathamangitsidwa ndi za yunifolomu ndi nsapato. Awononge mbumba yake kuti adzalamulire ndani? Wolemba sanalakwe, analembera kwawo. Ndikungochenjeza amalume anzanga kuti mukagula bukuli mukonzekere.

Za mnyamata wa maso obiriwira amene atsikana onse awiri amukonda, sinditayapo nthawi. Alibe ntchito ina m'nkhanimo kupatula kutsamira zipupa.

Chimene chandiletsa kupereka nyenyezi ziwiri ndi mitu itatu ya pakati. Mapasawo akumana koyamba, ndipo sakumbatirana monga ndinkayembekezera. Ayang'anana ndi nsanje. Wa kumudzi aona zonse zimene anamanidwa, wa kunyumba yachifumu aona munthu amene anakula womasuka, wopanda omulondera. Pa chakudya chamadzulo wa kumudzi uja abisa buledi m'malaya kuti akapatse mzamba amene anamulera, mnzake amuona koma osanena. Patsogolo pake akangana chifukwa anthu onse amangoti "mapasa aja," palibe wotchula dzina la mmodzi payekha. Apa m'nyumba mwanga munali zii. Kenaka wina anati, "Ngati ife pa Khirisimasi, diresi imodzimodzi, mphatso imodzi ya anthu awiri." Ine amene ndimagula madiresiwo ndinayang'ana kudenga. Wolembayu akaiwala zamatsenga n'kulemba za ana awiri otopa ndi kuwerengedwa ngati munthu mmodzi, amalemba bwino zedi. Kungoti saiwala kawirikawiri.

Kapangidwe ka buku lenilenilo n'kosalimba. Guluu wake ndi wofooka, masamba angapo a pakati anathothoka pa tsiku lachitatu ndipo tinamata ndi selotepi, ngakhale pamenepo mwina mlandu ndi wa kulandana kuja. Mapu a ufumu amene ali koyambirira zilembo zake ndi zazing'ono ngati nyerere. M'nkhanimo muli magazi ndi imfa zingapo, choncho mwana wosafika zaka 12 ine sindingamupatse.

Chokwiyitsa kwambiri chili pa tsamba lomaliza. Nkhani sikutha. Mmodzi wagwera m'phompho, winayo akukuwa, basi, dikirani buku lachiwiri mwa atatu. Pachikuto sanalembe zimenezi paliponse poonekera. Ndinabwerera kwa mnyamata uja, anati analandira limodzi lokhalo m'katoni. Lusaka ili pa mtunda woposa makilomita 500, ndiye ndatuma mnzanga amene amadutsa pa Mwami kupita ku Lilongwe kuti akayang'ane kumeneko.

Podikira, eni ake atenga kope la masamu lotsala ndipo ayamba kulemba yawo. Mapasa awo ndi mnyamata ndi mtsikana, kuti za kusinthana zovala zisakhalepo, ndipo asochera pa chikhamu cha Kulamba ku Mkaika, gule ali pakati. Anditsimikizira kuti malume wa m'nkhani yawo ndi munthu wabwino, wanzeru, ndiye amene akuwaphunzitsa zinsinsi zonse za makolo. Ndinafunsa kuti afika naye mpaka kumapeto? Anayang'anana, kenaka wina anati akuganiza zoti afe pa mutu wachisanu.