Lipoti la NOAA la La Niña: laulere, lodalirika pa za nyanja, koma silikuuzani tsiku lobzala

Lachinayi lachiwiri la mwezi uliwonse, bungwe la boma la America loona za nyanja ndi mlengalenga, NOAA, limatulutsa lipoti lonena za El Niño ndi La Niña, lotchedwa ENSO Diagnostic Discussion, kudzera ku nthambi yake ya Climate Prediction Center yomwe ili ku College Park, Maryland. Lipotili ndi laulere, salembetsa, ndipo foni iliyonse yolowa pa intaneti imalitsegula osadya bandulo yambiri. Mukamva pa wailesi kuti "chaka chino kukubwera La Niña", kawirikawiri gwero lake limakhala limeneli. Kwa alangizi a zaulimi, ogulitsa mbewu ndi feteleza, aphunzitsi a jogalafe ndi ogwira ntchito zothana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi lipoti loyenera kuliwerenga mwezi ndi mwezi. Koma ali nalo vuto munthu amene angaliwerenge ngati ulosi wa mvula ya kumudzi kwake.

Chomwe lipotili limayang'anira ndi madzi a pamwamba pa nyanja ya Pacific, m'chigawo chapakati ndi cha kummawa, motsatira mzere wa ikweta. Mphepo za kumeneko zimaomba kuchokera ku South America kulowera ku Indonesia. Zikakula mphamvu zimakankha madzi ofunda a pamwamba kupita kumadzulo, monga momwe tiyi wa pamwamba amathawira tsidya lina la kapu mukamamuuzira, ndipo m'malo mwake, kufupi ndi Peru ndi Ecuador, mumatumphuka madzi ozizira ochokera pansi. Kummawa kukazizira, kusiyana kwa kutentha pakati pa mbali ziwirizi kumakula, mphepo n'kuonjezeranso mphamvu, madzi n'kuziziranso. Mitambo ikuluikulu ya mvula imakonda madzi ofunda, choncho imasamukira ku Indonesia ndi kumpoto kwa Australia. Mitambo imeneyi ndi imene imatenthetsa mpweya wa m'mwamba ndi kuongolera mphepo zozungulira dziko, motero ikasuntha, njira za mvula m'makontinenti ena nazonso zimasuntha. Imeneyo ndiye La Niña. Nthawi zambiri imakhala miyezi 9 mpaka 12 ndipo imafika pachimake pakati pa Novembala ndi Febuluwale, komabe imatha kubwereza zaka zitatu zotsatizana, monga mu 1973 mpaka 1976, 1998 mpaka 2001 ndi 2020 mpaka 2023.

Mphamvu ya lipotili ili pa muyeso. A NOAA sangonena kuti nyanja yazizira. Amatenga chigawo chimodzi chotchedwa Niño 3.4, chomwe chili pakati pa madigiri 5 kumpoto ndi 5 kummwera kwa ikweta, kuyambira pa 120 mpaka 170 kumadzulo, n'kuyerekeza kutentha kwa madzi ake ndi momwe amakhalira pa zaka 30. Akazizira ndi 0.5°C kapena kuposa, malire a La Niña afikidwa. Kuyambira -0.5 mpaka -0.9 imatengedwa yofooka, -1.0 mpaka -1.4 yapakatikati, ndipo kuyambira -1.5 kutsika ndi yamphamvu, ngati ya 1988 mpaka 1989 kapena ya 2010 mpaka 2011. Theka la digiri limamveka laling'ono, koma tikunena madzi a dera lotalika makilomita oposa 5,000. Manambalawa amachokera ku masetilaiti, ku sitima zapamadzi, ku zipangizo zambiri zomangiriridwa pansi pa nyanja zomwe zimayeza kutentha mpaka mamita 500 kuya, komanso ku zipangizo zoyandama za Argo zomwe zimamira mpaka mamita 2,000 n'kutumphuka masiku 10 aliwonse kudzatumiza zomwe zapeza. Zomangiriridwazo anaziganizira El Niño (nyengo yotsutsana ndi La Niña, pomwe madzi omwewa amafunda kwambiri) wa 1982 mpaka 1983 atadzidzimutsa akatswiri, ndipo anamaliza kuziika mu 1994.

Kawerengedwe kake ndi kotere. Pamwamba penipeni pamalembedwa momwe zinthu zilili. Pakalembedwa La Niña Watch, ndiye kuti zizindikiro zikusonyeza kuti ikhoza kuyamba m'miyezi 6 ikubwerayo, koma sinayambe. Pakalembedwa La Niña Advisory, yayamba ndipo akuyembekeza kuti ipitirira. Final La Niña Advisory ndi chilengezo choti yatha. Mawu awiri oyambawa ndi amene amasokoneza anthu ambiri, ndipo mauthenga a pa WhatsApp oti "La Niña yafika" nthawi zambiri amakhala a munthu amene anangoona Watch. Pansi pake pali chiganizo chimodzi chopereka mwayi m'maperesenti. Kenako pamabwera ndime yofotokoza madzi a pamwamba, madzi a pansi, mphepo za m'munsi ndi za m'mwamba, ndi komwe mitambo yaunjikana. Ndime imeneyi musaidumphe. Madzi akhoza kuzizira kufika pa -0.6 koma ngati mphepo ndi mitambo sizinatsatire, La Niña salengeza, ndipo akulondola kutero, chifukwa madzi ozizira pawokha sasintha mvula ya ku Africa. Chimene chimatifika kuno ndi kusuntha kwa mitambo.

Pali tchati cha timizere tabuluu, totuwa ndi tofiira, chomwe chimaonetsa mwayi wa La Niña, wa nyengo yapakati, ndi wa El Niño pa miyezi itatuitatu. Miyeziyo amailemba ndi zilembo zoyamba za Chingerezi: OND ndi Okutobala, Novembala, Disembala, pomwe DJF ndi Disembala, Januwale, Febuluwale. Kwa ife a kummwera kwa Africa, timizere tofunika ndi ta OND, DJF ndi JFM basi. Kuzizira kwa nyanja mu Juni kapena Julayi sikutikhudza kwenikweni, popeza ndi nthawi ya mwera ndi chiperoni, mvula yeniyeni kulibe.

Lolemba lililonse amatulutsanso PDF ya zithunzi zambiri yokhala ndi manambala a sabata imeneyo. Ndi yabwino kwa mphunzitsi wofuna mapu oonetsa ana, koma yolemera pa foni, ndipo manambala a sabata amavinavina. Sabata ino -0.9, sabata yamawa -0.4, popanda chachikulu chomwe chasintha. Wofuna kupanga chiganizo atsatire nambala yophatikiza miyezi itatu ya chigawo cha Niño 3.4, monga yotchedwa ONI (Oceanic Niño Index), yomwe tebulo lake limayambira mu 1950. Kuti nyengo ilembedwe m'tebulomo ngati La Niña yokwanira, nambalayi iyenera kukhala pa -0.5 kapena kutsika kasanu motsatizana. Tebulo limeneli lokha ndi chuma: mukaliika pambali pa kaundula wa mvula wa siteshoni ya kwanu mumadzionera nokha ngati La Niña imakukhudzani kapena ayi.

Tsopano zofooka zake. Choyamba ndi nthawi. Ulosi wopangidwa pakati pa Malichi ndi Meyi ndi wosadalirika kwenikweni, chifukwa m'miyezi imeneyi nyanja imakhala ikusintha ndipo kamphepo ka masabata awiri kakhoza kutembenuza zonse. Eni lipoti amavomereza zimenezi poyera, zomwe ndi zoyamikika, koma olemba nkhani amatenga peresenti yokha n'kusiya chenjezolo. Chaka cha 2024 chinaonetsa bwino vutoli. Mu Febuluwale analengeza Watch ndi mwayi wa 55 peresenti woti La Niña iyamba pakati pa Juni ndi Ogasiti. Mu Julayi anati 70 peresenti pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Inachedwabe, n'kudzalengezedwa mu Januwale 2025, ili yofooka, ndipo pofika Epulo inali itatha. Sikuti ananama, pakuti 70 peresenti imasiya mpata wa 30, koma munthu amene anamva El Niño wa 2023 mpaka 2024 atawotcha chimanga m'maboma 23 mwa 28 a m'Malawi, n'kumva kuti kukubwera La Niña, anali ndi chiyembekezo choposa chomwe manambala ankalola.

Chachiwiri, nyanja zonse zikutentha. Kuyerekeza ndi zaka 30 zapitazo kumachititsa kuti La Niña ioneke yofooka papepala pomwe mlengalenga ukuimva mwamphamvu, chifukwa chimene chimasuntha mitambo ndi kusiyana kwa dera limodzi ndi madera oyandikana nalo. N'chifukwa chake pali nambala ina, Relative ONI, yomwe imachotsera kutentha kwa nyanja zonse za m'madera otentha, ndipo kuyambira mu 2026 ndiyo imene NOAA ikugwiritsa ntchito polengeza m'malo mwa ONI. Manambala awiriwa akasiyana kwambiri, wachiwiriyu ndiye amagwirizana bwino ndi zomwe mphepo zikuchita. Komanso mabungwe sagwiritsa ntchito malire ofanana. A zanyengo a ku Australia amafuna kuzizira kwa 0.8°C, ndiye zimachitika kuti a ku America alengeza pomwe a ku Australia akuti ayi. Palibe wolakwa pamenepo, miyeso ndiyo yosiyana.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, lipotili limathera pa nyanja ya Pacific. Likatchula zotsatira, limatchula za ku America. Za Africa mulibemo. Chingerezi chakenso ndi cha akatswiri, ndipo kupatula Chisipanishi palibe chinenero china chomwe amalimasuliramo. Zotsatira za padziko lonse muyenera kuzidziwa kale musanalitsegule.

Zotsatirazo ndi zenizeni. Kumene mitambo imasamukira kumasefukira: Brisbane inamira mu Januwale 2011, ndipo tauni ya Lismore ku Australia komweko inamira mu Febuluwale 2022. Mvula ya ku South Asia imakonda kukula, ndipo mu 2022 madzi osefukira ku Pakistan anakhudza anthu 33 miliyoni. Pa nyanja ya Atlantic, mphepo za m'mwamba zomwe zimaphwasula anamondwe zimafooka, ndipo mu 2020 kunabadwa anamondwe 30 opatsidwa mayina, kuposa chaka china chilichonse. Ku Argentina ndi kummwera kwa Brazil kumauma, moti chilala cha 2022 mpaka 2023 chinagwetsa kwambiri zokolola za soya ndi chimanga ku Argentina. Koma komwe La Niña imapweteka kwambiri ndi ku Somalia, Kenya ndi kummwera kwa Ethiopia, komwe imalepheretsa mvula ya Okutobala mpaka Disembala. Njala ya ku Somalia ya 2011 inapha anthu pafupifupi 260,000, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2020 derali linataya nyengo zisanu za mvula motsatizana.

Kummwera kwa Africa La Niña imakonda kubweretsa mvula yambiri, makamaka ku Zimbabwe, Botswana, South Africa ndi kummwera kwa Mozambique. Madzi osefukira a mtsinje wa Limpopo mu Febuluwale 2000 ndi a ku Durban mu Epulo 2022 onse anachitika m'nyengo za La Niña. Malawi ali pamalire a zigawo ziwiri zotsutsanazi, cha kummawa kwa Africa komwe kumauma ndi cha kummwera komwe mvula imachuluka, ndipo apa ndi pamene owerenga lipotili amapunthwa. Chigawo cha kummwera chimatsatira Zimbabwe, pomwe Karonga ndi Chitipa nthawi zina zimatsatira Tanzania. Uthenga umodzi woti "La Niña ndi mvula yambiri" sungakwanire Nsanje ndi Chitipa nthawi imodzi.

Ngakhale kummwera komweko, mvula yambiri pa nyengo yonse siitanthauza mvula yogwa bwino. Nyengo ya 2021 mpaka 2022 inali ya La Niña, koma Novembala ndi Disembala kunali dzuwa loswa mtengo, mvula yobzalira inachedwa, ndipo ambiri anabzala kawiri. Kenako mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mvula ya masabata ambiri m'masiku ochepa, n'kuononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mukaphatikiza mamilimita a nyengo yonse, manambala amaoneka abwino, koma mlimi analuza kawiri, ku ng'amba ndi ku madzi. Namondwe Freddy anafika mu Malichi 2023, mwezi womwewo umene NOAA inalengeza kuti La Niña yatha. Ndipo madzi osefukira a Januwale 2015 ndi a namondwe Idai mu Malichi 2019 anabwera La Niña kulibe n'komwe. Chifukwa chake n'choti nyanja ya Indian ndi ngalande ya Mozambique zili pakhomo pathu, ndipo kutentha kwa madzi ake, malo omwe mphepo zobweretsa mvula zakumanirana, ndi njira ya namondwe mmodzi, zimatha kuphimba chizindikiro chochokera kutali ku Pacific. Lipoti la NOAA silikamba zimenezi, ndipo si ntchito yake.

Ndiye kagwiritsidwe ntchito kake koyenera ndi kotsatana ndi kalendala. La Epulo ndi Meyi ingoliwerengani, osagulirapo kanthu. La Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala ndilo lodalirika pa nyengo yathu ya dzinja. Chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala akatswiri a m'maiko a SADC amakumana pa msonkhano wa SARCOF n'kutulutsa mapu a mvula ya chigawo chino, ndipo pambuyo pake nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo ya m'Malawi imatulutsa ulosi wa dziko lino mpaka wa boma lililonse, wotchula nthawi yomwe mvula ingayambe ndi mwayi wa ng'amba. Umenewo ndiwo wosankhira mbewu. Lipoti la NOAA likakhala pa Advisory ndipo ulosi wa boma lanu ukugwirizana nalo, m'madera a kummwera konzani akalozera ndi ngalande mvula isanagwe, thirani feteleza wokulitsa kawiri m'malo mwa kamodzi kuti asakokoloke, ndipo m'madambo ndi m'mphepete mwa Shire ndi Ruo dziwiranitu kothawira. Mbewu yocha msanga muisiyirebe gawo la munda. Awiriwa akatsutsana, tsatirani ulosi wa boma lanu, ndipo tsiku lobzala lidikire chinyezi cholowa pansi mokwanira pamodzi ndi ulosi wa masiku 5 kapena 10 wosonyeza kuti mvula ipitirira.