Skateboard ya galu wanga patatha miyezi 9

Papita miyezi 9 chigulireni skateboard, thabwa la mawilo anayi, yomwe galu wanga amakwera masiku ano, ndipo ndaona kuti nthawi yakwana yoti ndifotokoze momwe yakhalira, chifukwa zomwe munthu amaona pa chinthu chikadali chatsopano zimasiyana ndi zomwe amadzaona chikayamba kutha. Galuyu ndi wamkazi, wa mtundu wa bulldog, ali ndi zaka 3 ndipo amalemera makilogalamu 22. Ali ndi miyendo yaifupi ndi chifuwa chotambalala, moti akaima mapazi ake akutsogolo amatalikirana kwambiri. Maonekedwe amenewa ndi omwe amachititsa kuti agalu a mtunduwu azikhazikika bwino pathabwa loyenda, popeza thupi lawo lili pafupi ndi pansi. Tillman wa ku California, yemwe mu 2009 analembedwa mu Guinness World Records atayenda mamita 100 pa skateboard m'masekondi osakwana 20, anali bulldog. Otto wa mumzinda wa Lima ku Peru, yemwe mu 2015 anadutsa pakati pa miyendo ya anthu 30 ali pa skateboard, analinso bulldog. Nkhani za agalu awiriwa ndi zomwe zinandipatsa chidwi, koma zinandisocheretsanso pang'ono, chifukwa ndinaganiza kuti galu wa mtunduwu angathe kukwera thabwa lililonse.

Yoyamba yomwe ndinagula inali skateboard wamba ya anthu, ya mainchesi 8 m'lifupi, yopindikira m'mwamba kutsogolo ndi kumbuyo komwe, yokhala ndi mawilo aang'ono olimba a mamilimita 52. Tsiku lachitatu galu anaponda kumapeto kopindikako ndi phazi lakutsogolo, thabwa linadzuka mbali inayo n'kumumenya pachibwano, kenako linagwa pasimenti ndi phokoso lalikulu. Anathawa n'kukabisala kuseri kwa mpando, ndipo kwa milungu itatu sankafuna ngakhale kulowa m'chipinda momwe thabwalo linali. Sanavulale, koma mantha omwe analowa tsiku limenelo anatenga nthawi yaitali kuti achoke kuposa nthawi yonse yomwe anatenga pophunzira kukwera.

Nditaganizira bwino zomwe zinachitikazo, ndinachita zomwe ndinayenera kuchita ndisanagule chilichonse. Ndinayala katoni pansi, ndinaimitsa galu pamenepo momwe amaimira mwachibadwa, kenako ndinalemba ndi pensulo pomwe phazi lililonse laponda. Kuchokera kunja kwa phazi lamanzere kukafika kunja kwa lamanja panali masentimita 19, ndipo kuchokera kumapazi akutsogolo kukafika kwa akumbuyo panali masentimita 40. Thabwa loyamba lija linali la masentimita 20 okha m'lifupi, kutanthauza kuti mapazi ake ankaponda m'mphepete mwenimweni. Choopsa kwambiri chinali m'litali. Pansi pa skateboard pamakhala zitsulo ziwiri zogwira mawilo, zomwe amazitcha ma truck, ndipo pa skateboard wamba zitsulozi zimatalikirana masentimita pafupifupi 36. Galu wanga sakanatha kuika mapazi onse anayi pakati pa zitsulo ziwirizo. Nthawi zonse phazi lina linkakhala kunja kwa mawilo, pamalo pomwe kulemera kulikonse kumadzutsa thabwa. Munthu amaponda kumapetoko mwadala pofuna kudumpha kapena kukhota, koma galu sadziwa zimenezo, amangoponda pomwe phazi lagwera.

Choncho yachiwiriyi, yomwe ndi mutu wa nkhani ino, ndinaisankha ndili ndi katoni ija m'manja. Ndi ya mainchesi 10 m'lifupi ndi mainchesi 33 m'litali, yafulati pafupifupi paliponse, ndipo zitsulo zake zili kufupi ndi kumapeto, motalikirana pafupifupi theka la mita. M'miyezi 9 yonseyi thabwali silinadzukepo ngakhale kamodzi, ngakhale galu amalikwera mosasamala, nthawi zina chodumphira akuchokera cham'mbali. Ngati munthu angandifunse chinthu chimodzi choti ayang'ane posankha, ndingamuuze kuti ayeze kutalikirana kwa zitsulo ziwirizo n'kuyerekeza ndi kaimidwe ka galu wake. Ogulitsa ambiri amatchula m'lifupi ndi m'litali mwa thabwa, koma muyezo uwu umafunika kuufunsa kapena kuuyeza wekha.

Mawilo ake ndi a mamilimita 65, ofewa, olembedwa 78A. Nambala imeneyi imasonyeza kulimba kwa labala wake, ndipo ikakwera kufika cha m'ma 99A ndiye kuti wiloyo ndi yolimba ngati ya thabwa loyamba lija. Pa zinthu zonse za skateboard iyi, mawilo ndi omwe sanandikhumudwitsepo. Sachita phokoso, ndipo zimenezi zinathandiza kwambiri galu yemwe anali ataopsedwa kale ndi kulira kwa mawilo olimba. Amakwera timiyala ndi ming'alu ya pasimenti popanda kuima mwadzidzidzi. Mpaka pano angoda ndi kukalika pang'ono, koma sanaphwanyike kapena kudyeka mbali imodzi. Chomwe sindinayembekezere n'chakuti mawilo aakulu akayamba kuyenda amathamanga kwambiri ndipo satha liwiro msanga. Poopa zimenezo ndinamanga kwambiri manati a mawilo kuti azizungulira movutikira. Njirayi inagwira ntchito kwa kanthawi, koma inapana mabeyaling'i mpaka awiri anayamba kulira. Ndikanangoika thabwalo pakapeti kapena pa udzu waufupi m'milungu yoyambirira, momwe limayenda pang'onopang'ono lokha, ndikanapewa kuononga kumeneku.

Mbali yomwe yanditengera nthawi yambiri kuti ndiimvetse ndi ya kakhotedwe. Mkati mwa chitsulo chilichonse muli timalabala tiwiri totchedwa ma bushing, topanidwa ndi bawuti imodzi yaikulu. Wokwera akapendekera mbali imodzi timalabalato timafinyika ndipo mawilo amakhota. Miyezi iwiri yoyamba ndinamanga nati ya bawutiyo mwamphamvu kuti thabwa lisagwedere, ndipo zinathandiza, chifukwa galu amakhulupirira chinthu chomwe sichisuntha pansi pa mapazi ake. Atazolowera ndinafuna kuti ayambe kukhota yekha, ndiye ndinayamba kumasula pang'onopang'ono, koma thabwa silinkakhota. Chifukwa chake n'chakuti timalabala tomwe timabwera ndi skateboard anatipangira munthu wamkulu, wolemera kuwirikiza katatu kapena kuposa galu wanga. Makilogalamu 22 sakanatifinya. Ine ndinapitiriza kumasula mpaka nati inatsala pang'ono kuchoka, ndipo chitsulo chinayamba kugwedera chokha. M'mwezi wachinayi, akuyenda bwinobwino pabwalo losalala, galu anapendekera kumanja, wilo inagunda kunsi kwa thabwa, skateboard inaima pomwepo, iye n'kugwera kutsogolo. Anasupuka pang'ono pamlomo. Nditatembenuza thabwalo ndinapeza kachizindikiro kakuda kozungulira pomwe wilo inakhula, ndipo ndinadziwa kuti vuto linali langa. Ndinagula timalabala tofewa, tomwe amapangira ana ndi anthu opepuka, ndinamanganso nati bwinobwino, ndipo ndinaika kalabala kopyapyala ka mamilimita 3 pakati pa chitsulo ndi thabwa kuti wilo italikire pang'ono. Kuyambira pamenepo amakhota yekha akangopendeketsa phewa, ndipo kugundana kuja sikunachitikenso.

Pamwamba pa skateboard zambiri amamatapo pepala lakuda lokhakhala ngati sandipepa, lomwe limathandiza kuti nsapato zisaterere. Pepalali analipangira nsapato osati mapazi a nyama. Patatha milungu yochepa ndinaona kuti galu akunyambita mapazi ake akutsogolo madzulo aliwonse, ndipo nditawayang'ana ndinapeza kuti kunsi kwake, komwe kumakhala kwakuda ndi kokhuthala, kwayamba kufiira ndi kupyapyala. Zikhadabo ziwiri zinali zitaperepeseka mpaka pafupi ndi mnofu. Galu akamakankha skateboard amaika mapazi awiri kapena atatu pathabwa, lina likupalasa pansi, ndipo mapazi a pathabwawo amakhuzika nthawi iliyonse akakankha. Ndinamupumitsa masiku 10, ndinatenthetsa pepalalo ndi makina oumitsira tsitsi mpaka guluu wake anafewa, ndinalimatula lonse, n'kumatapo labala wofewa wamizeremizere ngati yemwe amamata pansi m'maboti. Mapazi anachira ndipo vutoli silinabwerere. Labalayu ali ndi zovuta zake. Amamatuka m'mphepete, amasunga fungo ngati sutsuka, ndipo zikhadabo zimamuboola, moti m'mwezi wachisanu ndi chimodzi ndinamusintha. Ngakhale zili choncho, sindingabwererenso ku pepala lokhakhala lija, ndipo ndimadandaula kuti ndinalekerera milungu ingapo ndisanazindikire.

Mabeyaling'i amakhala awiri pawilo iliyonse, onse pamodzi 8, ndipo ndi a saizi imodzi yotchedwa 608 pa skateboard pafupifupi zonse, choncho kuwapeza sikuvuta. Ogulitsa amakonda kutamanda nambala ya ABEC, yosonyeza kulondola kwa kapangidwe ka mabeyaling'i, koma kwa galu woyenda pa liwiro la munthu wothamanga pang'ono nambalayo ilibe ntchito. Chomwe chimawaononga ndi ubweya ndi dovu. Ubweya umakulungika pachitsulo kuseri kwa wilo mpaka kupanga kachingwe kolimba, ndipo dovu likalowa mkati limabweretsa dzimbiri. Ndinawasintha onse kamodzi, ndinaika otsekedwa ndi labala m'mbali, ndipo tsopano milungu iwiri iliyonse ndimachotsa mawilo ndi sipanala, kuchotsa ubweya ndi kudonthezera mafuta.

Thabwa lenilenilo ndi lomwe latha kwambiri. Linapangidwa ndi timatabwa 7 topyapyala ta mtengo wa maple tomatidwa pamodzi, monga momwe zimakhalira skateboard zambiri, ndipo kulemera kwa galu silikumva n'komwe. Chomwe lalephera kupirira ndi mano. Skateboard ikaima pakhoma kapena ikalowa m'udzu, galu wanga amailuma kutsogolo n'kuikoka kuti aitembenuze, ndipo amachita zimenezi mwachangu ndi mosangalala moti kumuletsa n'kovuta. Pofika mwezi wachisanu kutsogoloko kunali kutadzaza ndi mabowo a mano, dovu linalowa, timatabwa tinayamba kulekana ndipo tizipatsi tosongoka tinayamba kutuluka. Tizipatsi timeneti ndi tomwe tinandidetsa nkhawa, chifukwa tingathe kubaya m'kamwa kapena kumezedwa. Ndinathira guluu wa matabwa m'ming'alumo, ndinapana usiku wonse, ndinapala mpaka kusalala, kenako ndinakulunga m'mphepete ndi labala wokhuthala. Ndinasiyanso kumusiyira skateboard ikakhala kuti sitikuigwiritsa ntchito, ndipo ndimaipachika pamwamba pomwe sangafike. Zimenezi zachepetsa kuonongeka koma sizinakuthetse.

Palinso zina zokhudza galu mwini wake zomwe skateboard yabwino singakonze. Agalu a mphuno yaifupi ngati bulldog amavutika kupuma ndipo amatenthedwa msanga, chifukwa galu amaziziritsa thupi makamaka popuma mwawefuwefu. Wanga akakhala pathabwa saganiza zopuma, choncho ndine amene ndimayang'ana nthawi, ndipo sitipitirira mphindi 10 tisanaime kuti amwe madzi. Timapita m'mawa kapena dzuwa litapepa, ndipo ndimayamba ndaika dzanja pansi kuti ndimve ngati simenti kapena phula silikuotcha. Amavala lamba wa pachifuwa osati wa pakhosi, kuti ndikafuna kumugwira mwadzidzidzi ndisamutsamwitse. Tisanayambe zonsezi dokotala wa ziweto anamuyeza mawondo ndi chiuno, ndipo anamuyezanso patatha miyezi 6. Kagalu kakang'ono komwe mafupa ake sanakhwime sindingakakweze, ndipo pamalo otsetsereka kapena podutsa galimoto sitipitapo, popeza galu alibe njira yoimitsira skateboard kupatula kudumpha. Mnzanga wina anabwera ndi galu wake wamtali miyendo kuti ayese thabwa lomweli. Galuyo analinunkhiza, anaikapo phazi limodzi, thabwa litasuntha pang'ono anabwerera m'mbuyo ndipo sanafunenso. Tinamusiya, ndipo ndikukhulupirira kuti tinachita bwino, chifukwa ndinaona kale pa galu wanga momwe mantha amakhalitsira.

Ndikanakhala kuti ndikusankha lero, m'lifupi, m'litali ndi mawilo ndikanatenga zomwezi. Chomwe ndikanasintha ndi kutalika kwake kuchokera pansi. Mawilo aakulu pamodzi ndi kalabala kowonjezera kaja zakweza thabwa, ndipo ndimaona kuti galu wa miyendo yaifupi amavutika akamakankha, mwendo wopalasa pansi umatambasuka kwambiri pomwe wa pathabwa wapindika. Pali mtundu wina wa skateboard zazitali womwe zitsulo zake zimalowetsedwa kudzera pabowo la pathabwa, amautcha drop-through, ndipo thabwa lake limakhala pafupi ndi pansi, komanso limakhala lodulidwa pamwamba pa mawilo kotero kuti wilo singagunde thabwa. Mtundu umenewu uli ndi chovuta chakuti mawilo amakhala poonekera ndipo phazi la galu lingathe kuwaponda akuzungulira, choncho ndiyenera kuyeza bwino ndi katoni ija kuti mapazi onse akhale kutali nawo. Iyi yomwe tili nayo ndi yolemeranso kunyamula poyerekeza ndi yoyamba ija, koma zimenezo ndazolowera.

Momwe kutsogolo kwa thabwali kwadyekera, ndikuona kuti litumikira miyezi ina itatu kapena inayi lisanafike poti guluu sangathandizenso. Zitsulo, mawilo ndi timalabala tofewa tija zikadali bwino ndithu. Ndisanagule thabwa lina ndikufuna kubwereka la drop-through kwa masiku angapo, ndione ngati mwendo wake wopalasa uzifika pansi mosavutikira komanso ngati mapazi ake sayandikira mawilo, ndipo ndikakhutira ndidzamatapo labala wofewa ndi kukulunga kutsogolo kwake galu asanaliluma n'kamodzi komwe.